Galimoto yolemera pa Le Mans ndi pa Nürburgring: France ndi Germany safuna chimodzimodzi

Bugatti Veyron imalemera pafupifupi makilogalamu 1,900, ndipo injini yake ya masilinda 16 imatulutsa mphamvu ya 1,001 PS (muyeso wa mphamvu ya injini). Amene anaiyendetsapo mu gemu ya mipikisano ya magalimoto ya Gran Turismo amadziwa khalidwe lake: pamsewu wowongoka imauluka, koma ikafika pokhota imauma khosi, mphuno n'kumangolunjika kunja kwa msewu. Inkapangidwa ku Molsheim ku France, tawuni imene inali m'manja mwa Germany pamene Ettore Bugatti ankatsegula fakitale yake mu 1909, ndipo amene anadzutsanso dzinali ndi a Volkswagen a ku Germany atalitenga mu 1998. Ndi mwana wa mayiko awiri, koma mabwalo otchuka a mipikisano ya magalimoto a mayikowa amafuna kuti muikonze mosiyana kotheratu.

Ku France bwalo lake ndi Le Mans, kumene mpikisano wa maola 24 unayamba mu 1923. Kuzungulira kamodzi ndi makilomita 13.6, ndipo mtima wake ndi msewu wa Mulsanne, wautali pafupifupi makilomita 6. Mu 1988 Roger Dorchy anafika liwiro la makilomita 405 pa ola pamenepo, ndipo mu 1990 anaikapo tinjira tokhotakhota tiwiri kuti magalimoto azichepetsa liwiro. Kuno ntchito siivuta. Talikitsani giya yomaliza kuti injini isathere mphamvu msewu udakalipo, chepetsani phiko lakumbuyo kuti mphepo isakugwireni, tsitsani galimoto pansi, limbitsani masipuling'i. Chosamala ndi mabuleki basi, chifukwa pa Mulsanne pokha mumaimitsa chimphona chimenechi katatu kuchokera paliwiro lalikulu.

Mukatenga makonzedwe omwewo n'kupita nawo ku Nordschleife, njira yakumpoto ya bwalo la Nürburgring, m'mapiri a Eifel ku Germany, simupita patali. Bwaloli linatsegulidwa mu 1927, ndi lalitali makilomita 20.8, ndipo pakati pa malo okwera kwambiri ndi otsika kwambiri pali mamita pafupifupi 300. Msewu ndi wopapatiza, wa mabampu, mipanda ili pafupi. Galimoto yotsika ndi yolimba masipuling'i imagunda pansi pa chitsetso cha Fuchsröhre, imadumphadumpha pa konkire ya kona ya Karussell, ndipo tayala likachoka pansi mphamvu zonse za injini zija zimangopita pachabe.

Apa m'pamene kulemera kumaonekera poyera. Mukaponda buleki, katundu yense amathamangira kutsogolo. Mukakhota, amapondereza matayala akunja, ngati ndowa yodzaza madzi imene mwatembenuka nayo mwadzidzidzi. Choncho musanakhudze injini, yambani n'kuchotsa kulemera monga momwe gemu ikulolera. Kwezani galimoto pang'ono, fewetsani masipuling'i kuti matayala azitsata mabampu, koma musafewetse mpaka thupi lizigwedezeka likatera. Chitsulo choletsa kupendekeka, chija pa menyu amalemba anti-roll bar, chifewetseni kutsogolo n'kuchilimbitsa kumbuyo, ndipo mphuno iyamba kumvera chiwongolero. Popeza Veyron imakoka ndi matayala onse anayi, pititsani mphamvu yambiri kumbuyo ngati gemu ikulola, kuti akutsogolo atsale ndi ntchito yokhota. Phiko libwezereni. Mutaya liwiro pang'ono pa msewu wautali wowongoka wa Döttinger Höhe, koma mudzakhala mutalipeza kale m'makona ambirimbiri a m'nkhalango.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti malamulo a m'misewu ya mayikowa akuoneka ngati atembenuzika. Ku France malire pamisewu ikuluikulu ndi makilomita 130 pa ola, komabe ndiko kunatuluka Veyron yofika makilomita 407 pa ola. Ku Germany mbali zina za misewu ikuluikulu yotchedwa autobahn zilibe malire, koma BMW, Mercedes ndi Audi anagwirizana kalekale kutsekera magalimoto awo ambiri pa 250, n'kuika khama pa kayesedwe ka ku Nordschleife. N'chifukwa chake Mercedes-AMG GT 63 S ya zitseko zinayi, yolemera kupitirira matani awiri, inatha kuzungulira bwalo limenelo osakwana mphindi 7 ndi theka mu 2020.

Ine ndili kumbali ya Ajeremani pankhaniyi, ndipo ndimamva chisoni ndikaona anthu pa intaneti akuthira turbo yaikulu (chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini) m'galimoto imene mphamvu ili nazo kale zochuluka, kenako n'kumainyoza kuti siikhota. Le Mans imabisa zofooka za galimoto yolemera, chifukwa nthawi yambiri phazi limakhala lili pansi. Nordschleife imaziulula zonse m'makilomita asanu oyamba. Veyron imene mwaikonzera ku Eifel mukapita nayo ku Le Mans mumangosintha magiya ndi phiko, mwina n'kuitsitsa pang'ono, mpikisano n'kuyamba. Yokonzera Le Mans mukapita nayo ku Eifel muyenera kuyambiranso pa masipuling'i.