Maola 24 a misozi sangafafanize zaka 20 za kukhala chete

Abale anga, ndiloleni lero ndilembe motalikirako, chifukwa nkhani iyi yandikhala pamtima kwa nthawi ndithu.

Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, wailesi ya kanema ya Nippon TV ku Japan imaulutsa pologalamu yopempha chithandizo yomwe imachezera usiku wonse mpaka madzulo a tsiku lotsatira. Dzina lake ndi 24-Hour Television, ndipo inayamba mu 1978. Oimba ndi azisudzo otchuka amavala malaya achikasu, mmodzi mwa iwo amathamanga mtunda wautali dziko lonse likumuonera, ndipo ana amabwera atanyamula mabotolo odzaza ndi makobidi omwe akhala akuponyamo chaka chonse. Ndalamazo amagulira magalimoto onyamula okalamba ndi anthu aulumali, aja okhala ndi chokwezera njinga kumbuyo, zina amathandizira anthu omwe akhudzidwa ndi zivomezi kapena madzi osefukira. Kuchokera pomwe inayambira, zomwe zasonkhedwa zapitirira ma yen 40 biliyoni.

Anthu ambiri ku Japan akhala akufunsa ngati pologalamuyi ikuyenera kupitirira. Ine ndikuti ipitirire. Koma ndikunena izi mtima ukuwawa, ndipo Nippon TV isaganize kuti ndaiyeretsa.

Chomwe chinabweretsa funsoli ndi ichi. Kwa zaka pafupifupi 20 zotsatizana, otsogolera pologalamuyi ankachokera ku kampani imodzi, Johnny & Associates, yomwe inkaphunzitsa ndi kutchukitsa magulu a anyamata oimba. Mwini wake, Johnny Kitagawa, anamwalira mu Julaye 2019 ali ndi zaka 87, ndipo anamulira ngati tate wa nyimbo za achinyamata m'dzikolo. Munthu ameneyu anakhala akugwiririra anyamata achichepere kwa zaka makumi angapo. Anali ana omwe makolo awo anawapereka m'manja mwake ndi chikhulupiriro chonse, ana omwe ankadziwa kuti akakana, maloto awo oimba athera pomwepo.

Tsono wina asakunamizeni kuti zinali zobisika. Mu 1988 mmodzi mwa oimba akale a kampaniyi, Koji Kita, analemba buku kufotokoza zomwe anachitidwa. Mu 1999 magazini ya Shukan Bunshun inasindikiza nkhani motsatizana, anyamata akupereka umboni. Kitagawa anakasuma kuti amuipitsira mbiri, koma mu 2003 khoti lalikulu la ku Tokyo linagamula kuti zomwe magaziniyo inalemba zokhudza nkhanzazo zinali zoona, ndipo mu 2004 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linakana apilo yake. Oweruza milandu ananena poyera. Nanga mawailesi a kanema anatani? Anangoti zii. Anyamata a kampaniyi ankakopa oonera, oonera ankakopa otsatsa malonda, ndipo wailesi yomwe ikanayerekeza kutsegula pakamwa inkaopa kumanidwa oimbawo. Choncho Kitagawa anakhalabe pampando wake zaka zina 15, ana atsopano akulowabe pakhomo pake.

Zaka 15 zimenezo ndi zomwe zimandisowetsa tulo. Mwana yemwe anapwetekedwa mu 2008 kapena mu 2012 anapwetekedwa khoti litanena kale, atolankhani akudziwa kale. Ndiye taganizirani mnyamata ameneyo, atakula, akutsegula kanema mu Ogasiti n'kuona anzake a kampani yomweyo akulira pamaso pa dziko, akulankhula za chikondi chopulumutsa dziko lapansi, poti ndiwo mutu wa pologalamuyi. Iye chikondi chimenecho sichinamufikire. Wailesi yomwe ikupempha makobidi a ana ndi yomweyo inasankha kusamva kulira kwake.

Zinatengera wailesi yakunja, BBC, kuulutsa nkhaniyi mu Malichi 2023 kuti chivindikiro chichoke. Mwezi wotsatira, Kauan Okamoto anaima pamaso pa atolankhani ku Tokyo, nkhope yake ndi dzina lake poyera, n'kunena zomwe anachitidwa ali mwana. Ena anatsatira. Mu Meyi mtsogoleri wa kampaniyi, Julie Keiko Fujishima, yemwe ndi mwana wa mlongo wake wa Kitagawa, anapepesa pa kanema. Kumayambiriro kwa Ogasiti akatswiri a bungwe la United Nations anati anthu omwe anachitidwa nkhanza angafike mazana angapo. Koma ngakhale zinali choncho, pa 26 ndi 27 Ogasiti 2023 pologalamu ija inachitika monga mwa masiku onse, ikutsogozedwa ndi gulu la Naniwa Danshi la kampani yomweyo. Patangopita masiku awiri, pa 29 Ogasiti, gulu lofufuza loima palokha linatulutsa lipoti lake. Linatsimikiza za nkhanzazo, ndipo pakati pa zinthu zomwe zinachititsa kuti zipitirire linatchula kukhala chete kwa ofalitsa nkhani.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ndaona anthu akutukwana anyamata oimbawo. Musatero chonde. Iwo si amene analakwa. Ambiri analowa m'kampaniyo ali ana, ndipo palibe yemwe ali ndi ufulu wowakakamiza kunena zomwe anaona kapena zomwe sanaone. Mlandu uli kwa akuluakulu omwe ankasainirana mapangano m'maofesi akudziwa.

Ngati kuti izi sizinakwane, mu Novembala chaka chomwecho kunamveka kuti mkulu wina wa Nihonkai Television, wailesi ya ku Tottori yomwe imasonkhetsa nawo ndalama za pologalamuyi, anakhala akutapako kwa zaka pafupifupi 10. Za m'thumba la chithandizolo anaba ma yen oposa 2.6 miliyoni. Poyerekeza ndi mabiliyoni aja n'zochepa, koma anali makobidi a m'mabotolo a ana aja.

Ndiye omwe akuti itsekedwe ndikuwamvetsa, ndipo mfundo yawo yaikulu ndi yolemera. Akuti ntchito zachifundo ndi chovala chabwino kwambiri chomwe munthu woipa angavale. Onani za Jimmy Savile, muulutsi wotchuka wa BBC ku Britain. Anasonkhetsa mapaundi pafupifupi 40 miliyoni othandizira zipatala ndi mabungwe, ndipo chifukwa cha ndalama zomwezo ankalowa ndi kutuluka m'chipatala cha Stoke Mandeville ngati kwawo, kumene anapweteka odwala ndi ana. Ndani akanamuloza chala munthu womanga zipinda za odwala? Anamwalira mu 2011 akulemekezedwa, zoona zake zinatuluka mu 2012, ndipo lipoti la Dame Janet Smith la mu 2016 linapeza anthu 72 omwe anawachitira nkhanza kudzera m'ntchito yake ku BBC. Chifundo chikhoza kukhala tchire lobisalamo chilombo, zimenezo sindikutsutsa.

Koma m'nkhani ya Savile yomweyo muli phunziro lina lomwe anthu amalidumpha. BBC nayo ili ndi pologalamu yake yopempha chithandizo, Children in Need, yomwe yakhala ikuchitika motere kuyambira mu 1980. Sir Roger Jones, yemwe anakhalapo wapampando wa thumba limenelo, ananena mu 2012 kuti ankamukayikira Savile ndipo sankafuna kuti ayandikire ntchitoyo. Mabungwe awiri omwe ankadziwika ndi dzina la Savile analengeza chaka chomwecho kuti atsekedwa, ndipo ndalama zake zigawidwa kwina. Children in Need inapitirira, ndipo ikuthandizabe ana mpaka lero, ena mwa iwo ndi ana ochitidwa nkhanza zomwezi. Chomwe chinamangidwa pa dzina la munthu woipa chinagwa naye limodzi. Chomwe chinamangidwa pa zosowa za ana chinatsala.

Ndi pamenepa pomwe ndaima. Timati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma mwambi umenewu sungagwire pa mayi wokalamba yemwe amadikira galimoto ija kuti imutengere kuchipatala. Iye sanasaine pangano ndi Kitagawa. Sanabise nkhani. Mukatseka pologalamuyi, akuluakulu a Nippon TV m'maola omwewo aikamo zisudzo zina, otsatsa malonda alipirabe, malipiro awo sakhudzidwa. Wolangidwa akhala mayi uja. Kuwonjezera apo, kutseka kukhoza kuwapatsa njira yothawira. Anena kuti tavomereza, tasiya, nkhani yatha, pomwe mlandu suola.

Ena amati anthu angathe kupereka mwachindunji ku mabungwe, osadzera pa kanema. Angathe inde, ndipo omwe amatero akuchita bwino. Koma tinene zoona: ambiri timapereka tikakumbutsidwa, tikaona anzathu akupereka. Tsiku limodzi lomwe dziko lonse limaganizira za munthu wosowa silimangidwa m'chaka chimodzi. Mu 2011, chaka cha chivomezi chachikulu ndi tsunami, pologalamuyi inasonkhetsa ma yen pafupifupi 2 biliyoni. Chida chotere sungachiphwanye chifukwa chakuti ochigwira anali ndi manja akuda. Umawauza akasambe, ndipo umaima pomwepo kuonetsetsa kuti asambadi.

Kusambako ndiye kukuchedwa. N'zoona kuti kumapeto kwa 2023 mawailesi angapo, kuphatikizapo NHK (wailesi ya dziko lonse la Japan) ndi Nippon TV, anaulutsa kafukufuku wa iwo eni n'kuvomereza kuti sanachite bwino. N'zoonanso kuti kampani ija inasintha dzina kukhala Smile-Up kuti izingopereka chipukuta misozi, oimba n'kusamukira ku kampani yatsopano ya Starto Entertainment, ndipo anthu pafupifupi 1,000 anabwera kudzanena kuti anachitidwa nkhanza. Mu 2024 pologalamuyi inachitika popanda gulu lotsogolera, ndipo mutu uja anausandutsa funso: kodi chikondi chimapulumutsadi dziko? Wothamanga chaka chimenecho anali wanthabwala wotchedwa Yasuko, yemwe anakhalapo m'nyumba yosungira ana, ndipo anathamangira ana a m'nyumba zoterozo. Anthu anapereka ma yen oposa 1.5 biliyoni. Zimenezi zinandikhudza, sindibisa. Komabe kuika chizindikiro cha funso pa mutu wa pologalamu si kuyankha funsolo.

Chomwe ndikufuna ine n'chakuti kuvomereza kulakwa kuchitikire pabwalo lomwelo pomwe kulakwako kunkaphimbidwira. Kafukufuku woulutsidwa kamodzi m'kati mwa nkhani zamadzulo amaonedwa ndi ochepa n'kuiwalika. Pologalamu ya maola 24 imaonedwa ndi mabanja athunthu. Pa maola onsewo, ndi chiyani chikuletsa kupatula ola limodzi chaka chilichonse, nthawi yomwe oonera ali ambiri, kukamba za nkhanza zochitira ana, makamaka anyamata omwe amauzidwa kuti mwamuna salira? Omwe anapulumuka ndipo akufuna kulankhula apatsidwe mpata, alankhule m'mawu awoawo, popanda nyimbo yomvetsa chisoni kumbuyo kwawo. Gawo la ndalamazo lipite kwa omwe amapereka uphungu ndi chitetezo kwa ana otere. Ndipo mkulu wa wailesiyo, osati muulutsi wotumidwa, aime pamaso pa kamera anene kuti mu 2004 tinadziwa ndipo tinakhala chete chifukwa cha malonda.

Za kawerengedwe ka ndalama sinditaya nazo nthawi. Wailesi iliyonse yomwe imasonkhetsa nawo iziwerengedwa ndi anthu akunja, ndipo zotsatira zake ziziikidwa poyera. Munthu kuba zaka 10 osagwidwa ndiye kuti panalibe woyang'ana.

Palinso china chomwe anthu aulumali eni ake akhala akudandaula kuyambira kale, kuti pologalamuyi imawagwiritsa ntchito ngati chida chotulutsira misozi ya oonera. Mu 2016 NHK inafika poulutsa zokambirana za anthu aulumali pa nkhani yomweyi, nthawi yomweyo pomwe 24-Hour Television inali pa kanema. Ndikuona kuti nthenda yake ndi imodzi ndi ija ya Kitagawa: wailesi kusankha ululu womwe umagulitsa n'kusiya womwe ungaiwonongere malonda. Mwana wosaona akukwera phiri amabweretsa oonera. Mwana wopwetekedwa ndi bwana wa oimba amathamangitsa oimbawo. Woyambayo anamuonetsa chaka ndi chaka, wachiwiriyo anamusiya panja.

N'chifukwa chake ndikuti wailesi isadzalolenso kuti kampani imodzi ikhale mwini nkhope ya pologalamu yachifundo. Ukadalira khomo limodzi kwa zaka 20, tsiku lomwe mwini khomolo walakwa pakamwa pako pamalemera. Atolankhani a Nippon TV ayenera kukhala ndi ufulu wofufuza aliyense wovala malaya achikasu aja, ngakhale mawa lake akuyenera kutsogolera pologalamu.

Ndikadakhala ku Japan ndi botolo langa la makobidi, ndikadakapereka. Koma ndikadalembanso kalata ku wailesiyo chaka chilichonse kufunsa kuti ola lija la anyamata aja lili pati, ndipo sindikadasiya kulemba mpaka nditaliona pa kanema.