Mbiri ya mapiri athu si nsapato zakutha

Dzulo madzulo ndinapsa mtima, ndipo mpaka pano sunaphwe. Mphwanga amene wangofika kumene kuchokera ku Nepal ankationetsa zithunzi za ku International Mountain Museum mumzinda wa Pokhara, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 2004 kuti izisunga mbiri ya mapiri: zingwe ndi nsapato za anthu okwera mapiri, nkhani za nsonga 14 zotalika kupitirira mamita 8,000, komanso zovala ndi ziwiya za mitundu ya kumapiri monga a Sherpa. Bambo wina, wophunzira bwino ndithu, anaseka n'kunena kuti, "Ndalama zonsezo kukaonera nsapato zakutha? Ife ndife a kunyanja, za mapiri n'za azungu."

Za azungu? Bambo inu, amene anaponda pansonga ya Everest pamodzi ndi Edmund Hillary pa 29 Meyi 1953 anali Tenzing Norgay wa mtundu wa Sherpa, amene anayamba ntchito yake ngati wonyamula katundu. Nanga ife a ku Mangochi tinakhala liti anthu opanda phiri? Mfumu Jalasi inakhazikitsa likulu lake paphiri la Mangochi mpaka mu 1895 pamene asilikali a atsamunda anailanda malowo, ndipo makoma a Fort Mangochi, linga limene atsamundawo anamanga pamenepo, adakalipo mpaka lero, koma funsani ana athu ngati akudziwa njira yopitira kumeneko. Sakuidziwa, chifukwa makolo awo anawauza kuti phiri ndi kokatema nkhuni basi.

Anzathu amasunga chingwe chakutha chifukwa akudziwa kuti chikatayika, dzina la amene anachigwira latayikanso. Ife tili ndi Sapitwa wa mamita 3,002, tili ndi phiri la Mulanje limene bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, komabe tikuseka munthu amene wapita kukaona mmene ena amalemekezera mapiri awo. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mphwangayu wabwera nako, inu mukukanyoza. Mwina ndi umphawi, mwina ndi maphunziro amene tinalandira, koma kunyoza mbiri yako ndi umbuli ngakhale utavala tayi.

Ndipo amene amanyoza chonchiwa ndi omwewo amene amaimitsa galimoto pamsewu wa ku Namwera n'kugula matumba atatu a makala, osafunsa n'komwe kuti mitengo yake yadulidwa paphiri liti.