Asanagwetsane amayamba apakana mafuta

Pali kavidiyo kakuzungulira m'mafoni, ka amuna a ku Turkey odzola mafuta thupi lonse akulimbana pa udzu. Ambiri mwangokaseka. Ine zandiwawa, chifukwa amene anakadula anataya mbali imene ili ndi nkhani yonse.

Mpikisanowu ndi Kırkpınar, umachitikira pabwalo la Sarayiçi mumzinda wa Edirne. Eni ake amawerenga zaka zake kuyambira cha mu 1361, ndipo mu 2010 bungwe la UNESCO linauika m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa.

Taonani zimene zimachitika anthu awiriwa asanagwirane. Wolimbanayo, amene kwawoko amati pehlivan, amavala kabudula wolemera wa chikopa cha njati kapena ng'ombe, wobisa kuyambira pamchombo kufika pansi pa mawondo. Msilamu aliyense malire amenewa akuwadziwa, ndi omwewo amene mwamuna amabisa poswali. Akadzithira mafuta a azitona, kumsana kumene dzanja lake silifika amamupaka ndi mnzake, mwina yemweyo amene agwetsane naye posachedwa. Kenaka amandanda kuyang'ana ku Qibla, mbali ya ku Makka imene Asilamu amayang'ana poswali. Wolengeza amatchula dzina la Allah, kupempherera Mtumiki Muhammad, ndi kukumbutsa za Hamza, bambo wamng'ono wa Mtumiki, amene olimbanawa amamutenga ngati kholo lawo pa luso limeneli. Ng'oma zikalira, chimunthu chadzitho chija chimagwada bondo limodzi, kukhudza nthaka, dzanja n'kulipititsa pamilomo ndi pachipumi. Akutero akudzikumbutsa kuti anachokera kudothi ndipo adzabwerera komweko.

Ulemu wotere sunagwe kumwamba. M'nthawi ya ufumu wa Ottoman, umene unkalamulira Turkey kale, olimbanawa ankakhala m'nyumba zotchedwa tekke, dzina lomwelo la nyumba za Asufi (Asilamu olimbikira kuyeretsa mtima pokumbukira Mulungu), ali ndi shehe wowayang'anira. Mnyamata ankaphunzira kugwetsa mnzake pamodzi ndi kugonjetsa mtima wake wodzikuza. Mu 1925 boma la Atatürk, pulezidenti woyamba wa Turkey, linatseka nyumba za Asufi m'dziko lonselo, koma mapemphero aja anatsalira pabwalo, mpaka lero mwambowu umatsegulidwa Lachisanu ndi dua kumanda a olimbana akale.

Ine ndinakulira ku Mangochi, kumene sikiri ya anthu a Qadiriyya, gulu lina la Asufi, sinali yachilendo. Ndikukumbukira amalume ataima pabwalo ndi anzawo usiku, phuma likutuluka pamodzi ngati la munthu mmodzi, thukuta lili kamukamu, dzina la Allah lili pakamwa. Sindikunena kuti sikiri ndi kulimbana n'zimodzi, ayi. Ena amatsutsa sikiriyo, ndipo mtsutso umenewo ndimaulemekeza. Koma amene anaionapo ndi maso sangadabwe kuona anthu akukumbukira Mulungu ndi thupi lawo lonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti makamera amathamangira lamba wagolide wa katswiri ndi manja olowa m'kabudula kufuna pogwira, popeza thupi loterera silimagwirika. Sindinaonepo wina akutumiza mphindi imene wamng'ono wagwetsa wamkulu, n'kuwerama kupsompsona dzanja la wamkuluyo, iyenso n'kumupsompsona pachipumi.

Chonde abale, ngati mukufuna kutumiza kavidiyoka, pezani kathunthu, koyambira pomwe akupakana mafuta kumsana.