Sokosi yobooka ndi ufulu wa m'hotela

Abale anga a kuno ku Joni, ndiloleni ndilavule chimene chandikhala pakhosi kuyambira Lachisanu. Sabata yathayi ndinapeza ganyu yonyamula mipando pa hotela ina ku Sandton. Kunali msonkhano wa akazembe a mayiko akunja ndi akuluakulu a polisi, ati akukambirana mmene wapolisi angagwirire ntchito mosaphwanya ufulu wa munthu. Chikwangwani chachikulu cha msonkhanowo ndinachikweza ndi manja angawa. Mabwana a nyenyezi m'mapewa anaomba m'manja, anajambulitsa, anamwa tiyi wa makeke. Madzulo titalandira zathu, ine ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene wangofika mwezi watha kuchokera ku Mangochi tinatsika tekisi m'tauni kuti tikakwere ina pa Bree. Sitinapite patali. Vani yoyera, apolisi awiri, "wena, woza la."

Pasipoti ndinali nayo, masiku ali mkati. Anaitembenuza uku ndi uku ngati akusankha kaunjika, kenako ati chidindo chikuoneka chabodza. Mnzake analoza kumapazi. Vula. Anthuwa amadziwa kuti Lachisanu banki ya Mmalawi ndi sokosi. Ndinavula nsapato pamsewu, amayi ootcha chimanga akuonerera, ndipo sokosi ya kumanzere inali yobooka, chala chachikulu chili pamtunda ngati mbewa yosuzumira pauna. Anaseka mpaka kugwirana mapewa. R600 inapita, ati ya cold drink. Cold drink yanji ya R600, akukamwetsa mudzi wonse?

Musandiuze kuti ndi zachizolowezi, ndikudziwa. Mwini mkhukhu amakweza lendi akangolota. Madamu amakuyamikira kuti Amalawi ndinu okhulupirika, mwezi ukatha ati ndikupatsa Lolemba, Lolemba lake la chaka chiti. Mutekisi timakhala duu ngati osalankhula, foni ikalira timaidula kuopa kuti Chichewa chingatiulule. Transipota unamupatsa katundu wa Khirisimasi, amakafika kumudzi anthu akukolola. Zonsezo ndameza zaka 9. Koma kundivula nsapato pamaso pa mwana wa mlongo wanga, amene kumudzi anamuuza kuti pita kwa amalume ako, iwo aja Joni anaikhazika pansi!

Chondipweteka kwambiri n'chakuti masana omwewo ndinaima pakhomo la holo, ndagwira waya wa zokuzira mawu, ndikumva zonse. Mapepala alipo, abale, ochuluka kuposa masamba a mtengo wa mango. Akuluakulu a polisi a mayiko a kummwera kuno ali ndi bungwe lawo la SARPCCO, lomwe analikhazikitsa mu 1995 ku Victoria Falls, ndipo lili ndi malamulo a khalidwe la wapolisi. Mu 2014 bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa linavomereza ndondomeko ya ku Luanda, yonena mmene munthu ayenera kumangidwira ndi kusungidwira m'chitokosi. Pangano la ku Vienna la 1963 limati mlendo akamangidwa, apolisi amuuze kuti ali ndi ufulu wodziwitsa ofesi ya kazembe wa dziko lake. Ndani mwa inu anauzidwapo zimenezo ali kumbuyo kwa vani? Kwezani mkono ndikuoneni. Ngakhale khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lino linagamula mu 2017 kuti mlendo wogwidwa pa nkhani ya mapepala akaonekere pamaso pa woweruza asanathe maola 48. Zokoma kumva. Koma wogwidwa Lachisanu madzulo amadziwa kuti khoti ndi Lolemba, ganyu ya Loweruka yapita, ndipo ku Lindela, ku Krugersdorp kuja kosungira alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo, lamulo limalola kusunga munthu mpaka masiku 120. Ndiye umawerengera msanga, n'kuvula nsapato wekha.

Mukumukumbukira Mido Macia, mnyamata wa ku Mozambique woyendetsa tekisi ku Daveyton? Mu February 2013 apolisi anamumangirira maunyolo kumbuyo kwa vani n'kumukhwekhwereza pamsewu dzuwa likuswa mtengo, ndipo anafera m'chitokosi. Apolisi 8 anapatsidwa zaka 15 aliyense mu 2015. Chinawamanga si msonkhano wa m'hotela ayi, ndi foni ya munthu wamba amene anajambula. Ine pa Bree panalibe wojambula, ndipo mwina zinachita bwino, chifukwa chala chija bwenzi pano chikuzungulira pa WhatsApp mpaka ku Namwera.

Ena ati pita ukadandaule ku IPID, bungwe lofufuza apolisi olakwa. Chabwino. Nambala ya vani sindinaiwerenge, maso anali kumapazi. Mboni yanga ndi mnyamata amene masiku ake 30 atha mawa. Ndimutengere kumeneko ndi manja anga?

Ndipo akazembe athu akakalowa m'misonkhano yotere, amakayamba ndi mawu oti chiyani? Anyani sasekana zikundu. Pa 20 July 2011 apolisi akwathu anaombera anthu awo omwe m'misewu ya Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre. Za amayi a kwa Msundwe ogwiriridwa ndi apolisi mu 2019 tonse tinazimva, mpaka khoti linalamula kuti apepesedwe ndi ndalama. Ife tinakula tikuthawa vakabu, lamulo la atsamunda lomwe khoti linadzalithetsa mu 2017 pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Limbe. Kwathu amati ya fanta, kuno amati ya cold drink. Tinawoloka Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge kudzangosintha dzina la chakumwa.

Ukazembe umene ine ndinauona ndi maso ndi wa mabasi. Mu 2008 ziwawa zothamangitsa alendo zitayambira ku Alexandra anafa anthu 62. Mu 2015 zitavuta ku Durban boma la Malawi linatumiza mabasi, anthu anakwera akulumbira kuti Joni ndi ine basi. Isanathe miyezi ingapo tinkakumana nawo pa Park Station, chikwama chomwecho. Sindikuwaseka, ineyo ndalumbirapo katatu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndani akanatsala kumudzi? Walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndi awa ndinapondamo ndi sokosi pa Bree.

Sindikupempha zambiri kwa mabwana a mataye. Zikwangwani pitirizani, tizipezerapo ganyu. Koma tsiku limodzi lokha, Lachisanu usiku, kazembe mmodzi avale jekete lake, alowe pa polisi ya m'tauni, afunse kuti muli ndi Amalawi angati m'katimu ndipo alakwanji. Wapolisi akadziwa kuti munthu uyu ali ndi mwini wake womufunsa, dzanja limayamba kulemera.

Agogo anga anabwera kuno pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi, Kamuzu asanaletse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Ankatisimbira kuti asanalowe mumgodi ankawavula zovala zonse pamzere kuti adokotala awaone, amuna aakulu ndevu pepeya. Ankanena akuseka, ife n'kumaseka nawo. Lachisanu ndi pamene ndamvetsa kuti sikunali kuseka kuja.

R600 ija inali yothandizira feteleza wa amayi. Aimba kawiri Loweruka, ndinawauza kuti abwana sanalipire. Ndili ndi zaka 41, ndikunamiza mayi wondibala chifukwa sindingathe kuwauza kuti mwana wawo anaima chala pamtunda pakati pa Johannesburg, anthu akuseka. Ndikufuna ndimalize kukhoma malata pa nyumba ija, ndipite, ndizikalima mpunga wanga kudambo, kumene ndikavula nsapato ndiye kuti ndafuna ndekha.

Vani itachoka, mphwanga anawerama, anatola nsapato ija, anaipukuta ndi malaya ake n'kuiika pafupi ndi phazi langa. "Valani amalume." Mutekisi yonse mpaka ku Diepsloot sitinalankhulane. Dzulo usiku, nyali titazimitsa, anandifunsa chapansipansi kuti iye akadzalandira zake azidzabisa pati. Ndinakhala ngati ndagona.