Kusakhulupirira Mulungu pakati pa abale ndi anzanu opemphera

Munthu akasiya kukhulupirira kuti kuli Mulungu, kawirikawiri amatha miyezi akunola mfundo. Amawerenga za chiyambi cha dziko, za mavesi osagwirizana, za kuvutika kwa ana osalakwa, n'cholinga choti tsiku loulula adzakhale ndi mayankho okwanira. Tsikulo likafika palibe amafunsa zimenezo. Amayi amangogwetsa misozi. Abambo amafunsa kuti akumpingo akamva ati chiyani. Mnzake wapamtima amati "ndikupempherera," kenaka mauthenga ake amayamba kubwera patalipatali. Ine ndimaona kuti nkhaniyi m'banja siyendera mfundo, imayendera mantha ndi ubale, ndipo wokonzekera mtsutso wokha amakapezeka kuti wanyamula khasu popita kokawedza.

Inu mukati "sindikhulupiriranso," iwo amamva zinthu zina zinayi. Amamva kuti mukapsa kumoto, ndipo kwa wokhulupirira moto umenewo si fanizo: kulira kwa amayi kuli ngati kwa munthu amene akuona mwana wake akuyenda pakati pa msewu usiku. Amamva kuti analephera kulera. Amamva kuti tsopano mulowerera, popeza kwa iwo khalidwe limachokera ku chipembedzo. Chachinayi, chimene sachitchula koma chimawawa kwambiri, amamva kuti mukuwayesa mbuli. Mfundo zanu za sayansi siziyankha chilichonse mwa zinayizi, ndipo chachinayicho zimangochikulitsa.

Musanatsegule pakamwa, dziwani kaye pamene mwaima. Wosakhulupirira kuti kuli Mulungu ndi wina. Wonena kuti nkhaniyi munthu sangaidziwe ndi winanso, ndiye amene amatchedwa agnostic, mawu amene Thomas Huxley anayambitsa mu 1869. Palinso wokhulupirira amene wangotopa ndi mpingo kapena wakhumudwa ndi abusa. Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi ntchito. Mukanena kuti "ndasiya kupita kutchalitchi," adzakupezerani mpingo wina sabata isanathe. Mukanena kuti "ndili ndi mafunso," adzakuitanirani mkulu wa mpingo kuti awayankhe, ndipo mudzafunika kuulula kachiwiri, ulendo uno pamaso pa mlendo.

Kenaka werengani mmene mukuwadalira anthuwo. Akulipira sukulu ndani? Denga limene mukugona pansi pake ndi la yani? Ntchito yanu ili m'manja mwa bungwe la chipembedzo, kapena makasitomala anu ambiri ndi a mpingo umodzi? Ngati sukulu kapena malo ogona zili m'manja mwa munthu amene angakwiye, dikirani. Kukhala chete pamenepa si mantha, kuona maso a nkhono n'kudekha. Muyambe mwasunga ndalama zokwanira lendi ndi chakudya kwa miyezi itatu. Chiphaso chanu, pasipoti ndi masatifiketi a sukulu zikhale m'manja mwanu, chifukwa pakabuka mkangano zimenezi ndizo zimayamba kutsekeredwa m'kabati. Akaunti ya kubanki ndi nambala ya foni zikhale m'dzina lanu. Mudziwenso munthu mmodzi amene mungakagone kwake usiku womwewo zinthu zikavuta.

Onaninso malamulo a dziko limene mukukhala. Ndime 18 ya chikalata cha maufulu a anthu chimene United Nations inavomereza mu 1948 imapereka ufulu wa maganizo ndi chipembedzo, kuphatikizapo ufulu wosintha chikhulupiriro, ndipo mu 1993 komiti yake yoona za maufulu inafotokoza kuti ufuluwu umatetezanso osakhulupirira Mulungu. Koma si kulikonse kumene mawuwa amagwira ntchito. Ku Saudi Arabia, Iran, Afghanistan ndi Mauritania munthu wosiya chipembedzo akhoza kuweruzidwa kuti aphedwe. Dziko la Sudan linachotsa lamulo lotere mu 2020. Ku Nigeria, Mubarak Bala, munthu wosakhulupirira Mulungu, anagamulidwa mu 2022 kuti akhale m'ndende zaka 24 chifukwa cha zimene analemba pa Facebook. Kumalo oterewa foni ikhale yokiya, ndipo musalembe maganizo anu pa kompyuta imene ena amagwiritsanso ntchito.

Ngati njira ili yoyera, yambani ndi munthu mmodzi, amene amadziwa kusunga pakamwa, kaya ndi achemwali kaya amalume. Ameneyo adzakuuzani mmene ena angailandirire nkhaniyo, mwinanso adzakhala mkhalapakati. Musaululire pamaliro, paukwati kapena pa tsiku la chikondwerero cha chipembedzo. Musaulule muli okwiya kapena mutamwa, chifukwa adzati ndi mkwiyo kapena mowa umene ukuyankhula. Koposa zonse musayambire pa gulu la banja la pa WhatsApp kapena pa Facebook. Makolo akamva kwa anthu ena, bala limakhala la pawiri, ndipo kandimverere amakanena za m'maluwa: pofika kwa agogo nkhani idzakhala yoti mwalowa za Satana.

Sankhani masana, malo opanda anthu ena, oti mungathe kunyamuka bwinobwino. Mawu akhale ochepa, monga awa: "Amayi, pali nkhani imene ndakhala nayo nthawi yaitali, ndipo sindikufuna muimve kwa ena. Ine sindikhulupiriranso kuti kuli Mulungu. Si kuti inu munalakwitsa penapake, ndipo ulemu wanga kwa inu ndi womwe uja." Mukatero khalani chete. Inu mwayenda ulendo umenewu kwa zaka, iwo angoumva mphindi zisanu zapitazo, choncho zimene anene tsiku loyamba musazisunge ngati chigamulo. Mphindi 20 zakwana. Ambiri amalakwitsa pofewetsa nkhani ndi mawu oti "pakadali pano" kapena "mwina ndidzabwerera," pofuna kupukuta misozi ya tsikulo. Zimenezo zimatsegula khomo la zaka zambiri zokunyengererani. Ena amayamba kundandalika zifukwa, kapena kukumba zolakwa za abusa ndi chinyengo cha abale opemphera. Pamenepo ndiye kuti mwasiya kufotokoza za inu, mwayamba kuwazenga mlandu, ndipo wozengedwa mlandu samva, amangodziteteza.

Mafunso amene amabwera pambuyo pake ndi omwe aja kulikonse. "Nanga anakulenga ndani?" Yankho loti "zambiri sindikuzidziwa, koma sindinakhutire ndi yankho limene ndinapatsidwa" ndi lokwanira. "Ungataye chiyani utangokhulupirira, kuopa kuti mwina alikodi?" Ganizo limeneli ndi lakale, analifotokoza Blaise Pascal m'zaka za m'ma 1600, ndipo limagwa pawiri: munthu sangadzilamule kukhulupirira monga amavalira malaya, komanso silinena kuti mwa milungu yonse imene anthu amapembedza asankhe uti. "Ndiwe wa Satana." Fotokozani kamodzi kokha, modekha, kuti wosakhulupirira Mulungu sakhulupiriranso Satana. Wina adzakuwerengerani Salimo 14, vesi loyamba, lonena za chitsiru chimene chimati mumtima mwake kulibe Mulungu. Musabweze ndi vesi lina. Funso la makhalidwe lokha ndilo lilibe yankho la pakamwa: adzaliyankha okha akaona chaka chatha mukubwezabe ngongole, mukukazondabe odwala.

Pamene pamavuta kwenikweni ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo mzere umene ine ndimaona kuti umagwira ntchito ndi uwu: thupi lanu likhoza kupezeka pa mwambo uliwonse, koma pakamwa panu pasatuluke lumbiro limene simukulikhulupirira. Pa pemphero la chakudya khalani chete, musayambe kudya, musagwire foni. Kutsinzina kapena kunena "Ameni" si kokakamiza, ndipo palibe amaona chifukwa onse atsinzina. Ngati mukudziwa kuti angakulozeni kuti mupemphere, uzanitu mwini nyumba musanakhale pansi. Akakudzidzimutsani, "azakhali atitsogolere" amathetsa nkhani popanda kuchititsa munthu manyazi. Kunyumba kwanu alendo akafuna kupemphera, aloleni, ndi masekondi 30 basi.

Pamaliro pitani, gwirani ntchito, sonkhani. Wofedwa akati "ali kumwamba tsopano," si nthawi yowongola maganizo a munthu. Inunso simukuyenera kunama: "pepani, tili nanu pamodzi," ndi kutchula chabwino chimodzi chimene malemu anakuchitirani, zimatonthoza kuposa mawu obwereka. Ukwati wa m'tchalitchi kapena mumzikiti wa m'bale wanu pitaninso, mwapitira iyeyo.

Zokana ndi izi: kudya mgonero, kunena mawu ovomereza chikhulupiriro, kutsogolera mapemphero, ndi kuimira mwana pa ubatizo. Woimira mwana amalonjeza pamaso pa mpingo kuti adzathandiza kumulera m'chikhulupiriro, ndipo kulonjeza zimenezo mukudziwa kuti simudzachita n'kunyoza makolo a mwanayo kuposa kukana. Nenani kuti mwanayo mudzamuthandiza pa sukulu ndi pa matenda, koma udindo wa ubatizo apatse wokhulupirira. Pa ndalama, chakhumi ndi zopereka za mpingo mukhoza kukana, koma pa mankhwala, bokosi la maliro kapena fizi ya mwana wamasiye perekani mwachindunji, ngakhale wosonkhetsa atakhala wa mpingo.

Munthu akati "ndikupempherera," yankho ndi "zikomo pondiganizira." Akupereka chimene iye amachiona chamtengo wapatali, ndipo inu sizikuchotserani kanthu. N'zosiyana ndi kukusanjikani manja mokakamiza, kukutengerani kokachotsa ziwanda, kukutsekerani m'chipinda kapena kukusalitsani kudya. Zimenezo kanani poyamba pomwe, chifukwa mukalola kamodzi "kuti mtendere ukhalepo," kulephera kwa mwambowo kumatengedwa ngati umboni woti chiwanda n'champhamvu, ndipo ulendo wachiwiri umakhala waukali kuposa woyamba. Pakakhala kumenyedwa kapena kuopsezedwa, chokanipo ndipo kanenani kupolisi. Konzekeraninso kuti tsiku limene mudzadwale kapena ntchito idzathe, wina adzati ndi chilango. Musadzapsere mtima pamenepo, odwala ndi ochotsedwa ntchito ali m'mipingo yonse.

Pali malo awiri pamene kukhala chete ndimakuona kuti n'kulakwa: m'bale akauzidwa kuti asiye mankhwala a shuga, a HIV, a khunyu kapena a matenda a maganizo poti wachiritsidwa ndi pemphero, komanso mwana akamazunzidwa m'dzina la chipembedzo. Ngakhale apo musatsutse pemphero, mudzaluza. Nenani kuti apemphere akumwa mankhwala, ndipo wosiyitsa mankhwala akhale dokotala atamuyeza.

Munthu mmodzi yekha simungamubisire, ndiye amene mukufuna kumanga naye banja. Nkhanga zinapangana kusanapse. Musanalowe m'banja gwirizanani zinthu zisanu: ukwati udzachitikira kuti, ana adzabatizidwa kapena kulowetsedwa m'chipembedzo kapena ayi, adzauzidwa chiyani akafunsa, ndi ndalama zingati za m'nyumba zidzapite ku zopereka, ndiponso apongozi adzauzidwa zotani ndipo adzawauza ndani. "Tidzaona ana akadzabadwa" ndi mawu amene amaphwasula mabanja ambiri otere, chifukwa mwana akabadwa agogo a mbali zonse amalowapo. Ngati chikhulupiriro chatha muli kale m'banja, vomerezani kuti mnzanuyo ali ndi chifukwa chomva ngati pangano lasintha iye osafunsidwa. Musamuletse kupemphera, musamuseke. Kwa Akhristu, 1 Akorinto 7, mavesi 12 ndi 13, amalangiza wokhulupirira kuti asasiye mnzake wosakhulupirira amene akulola kukhala naye, ndipo ndi bwino kulidziwa vesili pamene ena akumuuza kuti achoke. Kwa ana nenani zoona mwachidule: "Amayi ako amakhulupirira zakuti, ine ndimaganiza zakuti, iwe udzaona wekha ukamakula." Musamusungitse mwana chinsinsi. Agogo apempheni chinthu chimodzi chokha, kuti asamuopseze mwana wamng'ono ndi moto kapena kumuuza kuti bambo ake akapsa.

Za anzanu sindichulutsa. Ambiri a kukwaya kapena ku gulu la achinyamata adzazimiririka, osati chifukwa cha chidani koma chifukwa chimene chinkakukumanitsani sabata iliyonse chatha. Amene mukufuna kuwasunga apezereni chochitira limodzi china, ndipo oyamba kuimba foni mukhale inu. Mpingo unkakupatsani anthu odzakuzondani, okubwerekani ndalama, oimba nawo. Zimenezi sizibwera zokha, muyenera kuzimanga kwina. Magulu a pa intaneti a osakhulupirira amathandiza pa kusungulumwa, koma ena ntchito yawo ndi kunyoza opemphera usana ndi usiku, ndipo mukakhalitsamo mudzayamba kuwaona amayi anu ndi maso a anthu amene sanawaonepo.

Ulaliki ukapanda kutha, musakhale ndi mayankho atsopano tsiku lililonse. Khalani ndi chiganizo chimodzi: "Abambo, nkhani iyi tinakambirana kale, tiyeni tikambe zina." Akapitiriza kachiwiri bwerezani mawu omwewo. Kachitatu tsanzikani mwaulemu, koma sabata yotsatira bweraninso kapena imbani monga mwa masiku onse, kuti aone kuti chimene mukuthawa ndi nkhaniyo, osati iwo. Mavesi obwera pa foni m'mawa uliwonse safuna yankho.

Zofuna zanu pa nthawi ya matenda aakulu ndi pa maliro anu zilembeni papepala, musaine, muike deti, ndipo anthu awiri asunge, mmodzi wa m'banja wina wakunja. Tchulani ngati mukulola abusa kapena shehe kudzakuonani kuchipatala, ndi amene adzayankhule m'malo mwanu mukadzalephera kuyankhula. Pa malirowo, lembani zimene simukuzifuna n'komwe, monga kulengezedwa kuti munalapa pa mphindi yomaliza, koma otsalawo asiyireni mpata woimba nyimbo zawo.