Anzanga a imvi, mankhwala a BP si LA

Wakutsina khutu ndi mnansi. Lero ndikutsina makutu a anzanga a imvi, koma inu ana athu musaseke, anunso ndiwafika.

Pali chibwana chimene chafala pakati pa ife akuluakulu. Munthu apita kuchipatala mutu ukuwawa, amupima, amuuza kuti BP yakwera, amupatsa mankhwala. Amwa sabata ziwiri, mutu uleka, basi kapepala ka mapiritsi akaponya pawindo. Ukamufunsa akuti, "Ndinachira ine, ndimwerenji?" Achimwene, munachira chiyani? Mankhwala a BP si LA wa malungo woti mumwe masiku atatu n'kuiwalako. Amenewa ndi a tsiku ndi tsiku. Mukasiya, magazi amayambanso kuthamanga osakutsanzikani, ndipo nthawi zambiri m'thupi simumveka kanthu. Mutha kukhala pa 180 uku mukuseka pabawo. Achipatala amati yakwera ikafika 140 pa 90, ndipo chodziwa zimenezi ndi makina omanga pamkono aja, osati mutu wanu. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Nanga ife tinapitirira zaka zimenezo?

Ndiye tsiku lina m'mawa munthu adzuka kuti atenge kapu, mkono ukana, kamwa yapotokera kumbali, mawu sakumveka. Ndi sitiroko yobwera ndi BP ija, koma mudzi wonse uyamba kunong'ona kuti amumenya hamala. M'malo mothamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, athamangira kwa sing'anga, ndipo wolozedwa chala amakhala nkhalamba inzake, gogo wosauka wakumapeto kwa mudzi. Palibe amene apita kukayang'ana pawindo paja, pomwe mapiritsi akhala miyezi akudya fumbi. Zimandipweteka mtima zimenezi.

Ena mumasiya chifukwa mankhwala akukusautsani, ndipo pamenepo ndikukumvani. Amlodipine ena amawatupitsa mapazi. Enalapril amabweretsa kachifuwa kouma kosatha. HCTZ, okodzetsa aja, amakutumani kuseri pafupipafupi, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa, osati pokagona. Bwererani mukanene, mitundu ilipo ingapo, akusinthirani. Koma kusiya mwakachetechete, kapena kudula piritsi pakati kuti akhalitse, ayi ndithu.

Nanga izi zobwerekana pamaliro? Kumva mayi wamkulu, mtsogoleri wa mvano, akuuza mnzake kuti, "Anga atha, tandigawirako awiri, nanga si onse ndi a BP." Amayi, si onse. Anzanuwo anawapima okha, thupi lawo, impso zawo, ndi mankhwala ena amene akumwa.

Odwala shuga, inu ndiye muzimvetsera kawiri. Glibenclamide amatsitsa shuga kaya mwadya kaya simunadye. Mukamwa n'kupita kumunda m'mimba muli pululu, kapena mwalowa kusala kudya kwa kutchalitchi osafunsa adokotala, mudzayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, kuyankhula zosagwirizana, mwina kukomoka kumene. Anthu adzati agogo alodzedwa kapena aledzera, pomwe chofunika ndi madzi a shuga msangamsanga akadali okhoza kumeza, kenaka chakudya. Akakomoka musawathire kanthu m'kamwa, nyamulani wakuchipatala.

Chimene chikutimaliza ambiri ndi mawondo ndi msana. Tazolowera kutuma mdzukulu paokala: bufeni, indosidi, diclofenac, awiri m'mawa awiri madzulo, chaka n'chaka, nthawi zina m'mimba mopanda kanthu. Ululu umachepadi, sindikana. Koma mankhwala amenewa akachuluka amayambitsa zilonda za m'mimba, amakweza BP yomwe mukulimbana nayoyo, ndipo amawononga impso pang'onopang'ono. Impso zikaima, makina osefa magazi m'zipatala za boma ndi ochepa. Mukawafune kuzipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Gulupu ku Blantyre, ndipo anthu owadikira ndi ambiri. Thiransipoti ya sabata ndi sabata yochokera kumudzi adzakulipirirani ndani? Mapiritsi ogulitsidwa pamphasa pamsika, padzuwa lathu lino, ena deti inadutsa kalekale, asiyeni. Gulani kufamase imene ili ndi chilolezo cha PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Botolo la m'basi lochiza shuga, BP, nyamakazi ndi mphamvu za abambo nthawi imodzi, limenelo likuchiza thumba la wogulitsayo. Mneneri akati tayani mankhwala mwachira, pempherani naye bwinobwino, mukafika kunyumba imwani. Omwa ma ARV, mawu ndi omwewo.

Tsopano inu ana. Kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money muli ku Joni n'kwabwino, Mulungu akudalitseni, koma sikutha kwa udindo. Mayi anu maso anayamba kuchita nkhungu, zilembo za pakapepala sazionanso. Mapiritsi onse, oyera ndi oyera anzake, anawakhuthulira mujumbo imodzi, amangotolamo mongoyerekeza. Munayamba mwatsegulapo jumbo imeneyo? Pezani munthu mmodzi wokhulupirika pakhomopo woti aziwapatsa pa nthawi yake ndi kusunga tsiku lobwerera kusikelo ya BP. Popita anyamule buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba, adokotala awaone. Akakauzidwa kuti mankhwala atha akagule, ndalama ya zimenezo ikhale yoyamba, chitenje cha Khirisimasi chidikire.

Ndipo lekani kutikhazika pansi. "Agogo musagwire tsache, agogo siyani khasu, khalani pakhonde." Mumati ndi ulemu, koma miyendo yongokhala imafooka msanga, kenaka munthu agwa pobwera kubafa, chiuno n'kuthyoka, osadzukanso. Tisiyeni tisese, tithirire dimba, tiyende wapansi kupita kutchalitchi kapena kumzikiti. A WHO amanena mphindi zosachepera 150 pa sabata. Theka la ola masiku asanu mwakwanitsa. Nanunso anzanga, musapitirize muyeso n'kumakasenza thumba la chimanga kuti muonetse anyamata kuti mukadali dolo.

Mchere nawo: wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi uli kale mu usipa wouma ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Kambale ka mchere kachoke pamkeka. Ndipo usiku mukadzuka kupita kuseri, yambani mwakhala kaye pamphepete pa bedi chizungulire chithe, tochi ili m'manja, ndiyeno imirirani.