Chenjezo kwa abambo ndi amayi amene munapuma pa ntchito

Ndikulankhula ndi inu anzanga a imvi, ndipo sindikunyengererani. Boma limapumitsa munthu pa ntchito akakwana zaka 60, koma pa banja palibe amene anakupumitsani. Nanga zikuchitika m'makomo mwathuzi n'zotani? Abambo kukangocha, wailesi m'khwapa, ulendo wa ku bawo, kubwerako kutada. Amayi nawo anasamutsa kale bulangete lawo, akugona ndi zidzukulu, ati ana amaopa mdima. Zokambirana zomwe zatsala ndi za ndiwo ndi mayunitsi a magetsi basi.

Zambiri zimayambira kuchipinda, kumene aliyense akuchita manyazi kutsegula pakamwa. Abambo, mphamvu zikayamba kuchepa musathamangire kunena kuti mayi akunyumba akulodzani kapena sakukusangalatsaninso. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amawononga mitsempha pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina kufooka kuchipindako ndiko chizindikiro choyamba. Ngakhale ena mwa mankhwala a BP amatha kuchititsa zimenezi, ndipo adokotala angakusinthireni mukawauza. Koma inu ayi, mukunong'onezana ndi mnyamata wa pamsika, kugula gondolosi ndi timapilisi topanda dzina. Kodi mukudziwa kuti mapilisi owonjezera mphamvuwa akakumana ndi mankhwala ena a mtima amagwetsa BP mpaka munthu kukomoka, ena kutsirizika kumene? Safunsa anadya phula.

Amayi, inunso musamangotembenukira kukhoma. Mukasiya kusamba thupi limasintha, ena amamva kuwawa pokhala malo amodzi ndi amuna awo. Si tchimo kunena. Kuchipatala kuli chithandizo chake. Mukangokhala chete, bambowo amaganiza kuti mwawanyoza, ndiye mkwiyo umakula popanda woyambitsa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya penshoni. Ndalama zikangolowa, abambo foni yakhala ya pasiwedi, atsikana a msinkhu wa ana awo ayamba kuwaitana "adadi". Mayi amene anagulitsa mandasi kuti ana aphunzire sauzidwa n'komwe kuti zalowa zingati. Zikatha, mukubwerera kwa yemweyo, mwina mutatenga ndi matenda, pakuti HIV siona imvi.

Khalani pansi awiri, zidzukulu zikagona, muuzane zomwe zikukuvutani m'thupi ndi m'thumba momwe. Zikakanika, ankhoswe alipo, abusa ndi mashehe alipo. Ndipo tsiku la sikelo ya BP, pitani limodzi, mukalowe kwa adokotala nonse awiri.